Siwa ikatha, mtima upite kuti? Kuyerekeza njira zopoletsera chisoni kuno ku Mangochi

Achimwene anga anamira panyanja m'nyengo ya mwera. Anapita madzulo ndi alovi anzawo kukakoka chilimira monga mwa masiku onse, ndipo cha m'bandakucha mafunde anagubuduza boti. Ena anasambira, ena anakakamira zigubu, koma iwo sanatuluke. Thupi linapezeka m'bango tsiku lachitatu, ndipo poti anali Msilamu tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Anthu anabwera ndithu: a ku Makawa, a ku Malindi, abale a ku Namwera, ngakhale a ku Joni anatumiza chipepeso pafoni. Ufa unasonkhedwa, nkhuni zinatemedwa, panalibe usiku umene tinagona tokha. Maliro n'kulirana, ndipo pa ichi sitichita kuphunzitsidwa. Koma sabata itatha, pabwalo panatsala phulusa la pamafuwa ndi ife anthu anayi: amayi, alamu omwe ndi mkazi wa malemuwo, msuweni wathu amene anali m'boti lomwelo n'kupulumuka, ndi ine. Aliyense anatenga njira yake yofunira mpumulo wa mumtima. Ndaziona njirazi ndi maso anga kwa zaka ziwiri ndi miyezi, ndipo ndikuzilemba chifukwa m'boma lino nyumba zofedwa n'zambiri: kolera wa 2022 ndi 2023 anatipweteka kuposa maboma ambiri, namondwe Freddy anadutsa mu March 2023, nyanja imatenga anthu chaka ndi chaka, ndipo mabokosi ochokera ku South Africa sasiya kubwera.

Poyeza njira iliyonse ndimafunsa zinthu zosavuta. Kodi munthuyo wayamba kugona? Akudya? Wabwerera pakati pa anzake ndi pantchito yake? Kenaka ndimaonanso mtengo wake, mtunda wake, ndiponso ngati nkhani yako isungidwe kapena mawa uimve padoko.

Ndiyambe ndi chimodzi: chisoni si matenda. Kulira, kusowa chilakolako cha chakudya, kumva ngati wamwalirayo wakuitana kuseri kwa nyumba, kukwiyira Mulungu, zonsezi zimachitikira anthu abwinobwino, ndipo kwa ambiri zimacheperachepera zokha bola munthu ali ndi anzake pafupi. Koma chilipo chisoni china chimene chimakakamira ngati minga ya chambo pakhosi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linavomereza kuti chisoni chikapitirira miyezi 6, chikuposa mmene mwambo wa anthuwo umayembekezera, mpaka munthu kulephera kusamala moyo wake, chimafunika chithandizo. Njira yoyenera mwezi woyamba siingakhale yokwanira mwezi wachisanu ndi chitatu.

Sadaka, eda ndi mapemphero

Iyi ndiyo njira imene tonse tinayambira, ndipo ndimailemekeza kwambiri. Kwathu ndi a Kadiriya, choncho tinachita sadaka tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, la 40, ndiponso chaka chitatha. Asilamu anzathu achisukuti sachita sadaka zimenezi, ndipo mkangano wa chiphunzitsowo ndausiyira mashehe. Chimene ndinaona ine n'chakuti sadaka imabweza anthu panyumba panthawi imene ukuganiza kuti onse anaiwala. Tsiku la 40 amayi anadzuka m'mawa, anasamba, anamanga mpango wabwino chifukwa kukubwera alendo, ndipo dzina la mwana wawo linatchulidwa mokweza pagulu. Kunali koyamba kuwaona akudya nsima mpaka kumaliza.

Ine ndinakwatiwa kutchalitchi, choncho ndikudziwanso mbali inayo: nyimbo zochezera usiku wonse, amayi a Mvano kapena a Mothers' Union kubwera ndi shuga ndi sopo patapita masabata, a mphakati kudzapempherera panyumba ya wofedwa, Akatolika kukalambula manda ndi kupempherera omwalira m'mwezi wa November. Ndikudziwa amasiye amene usiku umawachepera chifukwa cha Radio Maria, yomwe ili konkuno ku Mangochi. Zonsezi n'zapafupi, sizifuna thiransipoti, ndipo zimayankha funso limene namwino sangaliyankhe: munthu wanga ali kuti tsopano?

Pofooka pake ndi pakamwa pa opepesa. "Musalire, ndi chifuniro cha Mulungu." "Limbani mtima, mukuwalemetsa omwalirawo." Mawuwa amanenedwa mwachikondi, koma amatseka munthu pakamwa. Amayi anaphunzira kuyankha kuti "tikuthokoza Mulungu" kwa aliyense, chonsecho usiku akugubuduka pamphasa mpaka tambala. Komatu Chisilamu chimaphunzitsa kuti Mtumiki Muhammad anakhetsa misozi mwana wake Ibrahim atamwalira, ndipo Baibulo limati Yesu analira kumanda a Lazaro. Shehe kapena m'busa amene amalola wofedwa kunena kuti "ndakwiya" osamudzudzula, ameneyo ndi dalitso pamudzi. Mukamupeza, musamutaye.

Alamu anakhala eda, nthawi imene mkazi wachisilamu wofedwa mwamuna amakhala panyumba osakwatiwa, ya miyezi 4 ndi masiku 10. Inawateteza kwa anthu othamangira kufunsira ndi kwa ofuna kuti asankhe zinthu zikuluzikulu mutu usanakhazikike. Koma bizinesi yawo yoyanika usipa inaima, thandala zinagwa, ndipo masana ambiri ankakhala okha m'nyumba kuyang'ana malaya a amuna awo pachingwe. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti wa pa eda akhoza kutuluka pa zofunika, monga kupita kuchipatala kapena kukapezera ana chakudya. Ife tinachedwa kufunsa. Eda imathandiza pamene abale agawana masiku omuchezera mayiyo; akangomutsekera n'kubalalika, imasanduka ndende ya maganizo.

Kukafunsa kuti wachita ndani

Amalume sanakhutire. Munthu wodziwa nyanja chibadwire, amire bwanji pomwe anyamata ongoyamba kumene apulumuka? Anapita kwa sing'anga wina kutsidya, anapereka mbuzi ndi ndalama, ndipo anabwerako ndi dzina la gogo wina wapachibale.

Sindikunyoza amene amapita. Sing'anga amakukhazika pansi, amakumvetsera nthawi yaitali, ndipo amakupatsa chifukwa, chomwe mtima wofedwa umachilakalaka ngati madzi. Koma chifukwa chimene tinalandira chinali mdani. Kwa masabata angapo amayi anaoneka ngati apeza mphamvu, koma inali mphamvu ya mkwiyo, ndipo tulo tinathawiratu. Lero mabanja awiri amene ankabwerekana mchere sapatsana moni, ndipo gogo uja amaopa kupita kumjigo yekha. Dziwaninso kuti lamulo la ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mwera umaomba chaka chilichonse kuyambira cha mu May mpaka August, a zanyengo amachenjeza pawailesi, ndipo m'boti lija munalibe chovala choyandamitsa ngakhale chimodzi. Pa njira zonse zimene ndaona, iyi ndiyo inatidyera ndalama zambiri n'kutisiyira bala lachiwiri.

Kachasu, chamba ndi mapiritsi a tulo

Msuweni wathu anasankha iyi, kapena ndinene kuti inamusankha. Pamaliro sanakhetse msozi. Anali pakati pa okumba manda, ndipo anthu anamuyamikira kuti mwamuna salira. Patangopita mwezi anasiya kupita kunyanja, anayamba kumwa m'mawa, ndipo mkazi wake anandiuza kuti usiku amadzidzimuka akukuwa, thupi lonse thukuta.

Mowa umagwira ntchito msanga kuposa njira ina iliyonse, n'chifukwa chake uli woopsa. Umagonetsa munthu mwachangu, koma pakati pa usiku tulo timadukaduka, maloto oipa amabwera mwamphamvu, ndipo m'mawa nkhawa imakhala yochuluka kuposa dzulo. Chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa monga diazepam ogula mwamseri: thupi limawazolowera m'masabata ochepa, ndipo kuwasiya kumasanduka vuto lina. Malipoti a polisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Ndikamamva zimenezi ndimaona nkhope ya msuweni wanga atakhala pansi pa mtengo wa mango, atafulatira nyanja.

Uphungu: kulankhula ndi munthu wophunzira kumvetsera

Pano ndikhalitsepo, chifukwa ndi njira imene anthu amaimvetsa molakwika. Tikamva kuti uphungu timaganiza za malangizo, monga a ankhoswe kapena anankungwi: wamkulu alankhule, iwe ugwedeze mutu. Uphungu wa maganizo uli mosiyana. Wolankhula kwambiri ndiwe. Phungu amafunsa, amadikira, saopa misozi, ndipo sathamangira kunena kuti zitha. Kenaka mumasanthula limodzi mavuto amene aunjikana, mumasankha limodzi lokha limene lingatheke sabata ino, ndipo mukakumananso mumaona ngati latheka.

Kuti njira yotereyi imathandiza anthu ngati ife, umboni wake suchokera kutali. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi a m'madera a Harare anaphunzitsidwa kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, ndiye kuganiza kwambiri kwathu komweku. Ankakumana mpaka maulendo 6. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti patapita miyezi 6, pafupifupi anthu 14 pa 100 mwa amene anakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa amene sanakhalepo anali pafupifupi 50 pa 100. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ochiritsawo sanali madokotala. Anali agogo ovala zitenje amene anaphunzitsidwa kumvetsera mwadongosolo.

Msuweni wathu anakana kwa miyezi. "Achemwali, ine sindine wamisala," ankatero. Anavomera tsiku limene mkazi wake anamanga katundu. Tinapita naye kuchipatala cha boma, tinapempha kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo, ndipo ine ndinatsala panja. Anatuluka patapita pafupifupi ola, maso ali psuu. Patapita miyezi anandiuza yekha zimene ananena m'chipindamo: boti litagubuduzika anagwira malaya a achimwene, anawakoka kwa kanthawi, funde lina litabwera anawataya. Kwa miyezi isanu ankadziona ngati wakupha. Akanauza ndani? Amayi? Alamu? Ine? Tonse tinali ofedwa, ndipo iye ankadya nafe m'mbale imodzi. Nkhani zina zimatuluka pokhapokha pamaso pa mlendo amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi. Apa ndi pamene uphungu umaposa abale, umaposa gulu, umaposa ngakhale atsogoleri achipembedzo amene mumakumana nawo kumsika.

Namwinoyo sanangomuuza kuti si mlandu wake. Anamufunsa kuti madzi anali ozizira bwanji, anali atasambira nthawi yaitali bwanji, manja ake ankamva chiyani. Anamulongosolera kuti maloto obwerezabwereza, kudzidzimuka ndi kuthawa malo a ngozi zimachitikira anthu ambiri opulumuka pangozi, ndipo zili ndi chithandizo. Anagwirizana zochepetsa mowa, ndi zoyandikira nyanja pang'onopang'ono: sabata ino kuima pamsewu pomwe madzi akuonekera, sabata yamawa kukhala pamchenga.

Zovuta za njirayi sindizibisa. Aphungu ophunzira ndi ochepa m'dziko lonse, ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. A St John of God, omwe amathandiza odwala matenda a maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kuchipatala cha boma sulipira, koma wochokera ku Makanjira kapena ku Katuli amalipira thiransipoti, ndipo ulendo umodzi sukwanira. Aphungu olipiritsa a m'tauni ena amacheza nawe pafoni kapena pa WhatsApp, zomwe zimapulumutsa ulendo koma zimafuna ndalama ndi malo obisika olankhulira, chinthu chosowa m'nyumba ya zipinda ziwiri. Manambala a foni aulere a bungwe la achinyamata la YONECO alipo: 116 pa nkhani za ana, 5600 pa nkhanza. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma ndi ku Victim Support Unit ya polisi amathandizanso, makamaka pamene ululu wako wachokera ku nkhanza, kugwiriridwa kapena kulandidwa katundu. Chinanso: maulendo oyamba amawawa, chifukwa mukutsuka chilonda. Msuweni atabwera ulendo wachiwiri ananena kuti sapitanso. Anapita.

Chipatala ndi mankhwala

Amayi sanadandaulepo za chisoni. Ankadandaula za mutu, za mtima kuthamanga, za kutentha m'mapazi, za thupi lonse kuphwanya. Tinagula panado, tinakayezetsa malungo kawiri osawapeza, tinayezetsa BP ndi shuga. Kuyezetsako kunali koyenera, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda ena zimafooketsanso munthu chimodzimodzi. Koma pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri chitenje chinkawazungulira kawiri, ankadzuka 3 koloko usiku uliwonse, anasiya kupita kumunda, ndipo tsiku lina anandiuza mofatsa kuti, "Mwanangu, ine bola ndikanatsatira m'bale wakoyo."

Mawu amenewo musawatenge ngati kulankhula kwa ukalamba. Munthu akanena za kufa, akasiya kudya ndi kusamba, akakhala masabata awiri kapena kuposa osasangalatsidwa ndi kalikonse, akayamba kugawa katundu wake kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, mapemphero apitirire koma tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala, ndipo musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuphunzitsa kudzipha. Kumamupatsa mpata wonena.

Anthu amaopa kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko kumapita ochepa amene adwala kwambiri. Ambiri amathandizidwa konkuno n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndipo si matenda achilendo: kafukufuku wa pasikelo ya amayi oyembekezera pachipatala cha boma cha Mangochi, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 anali ndi matenda aakulu okhumudwa. Mafunso oyezera anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, choncho amene mtima wake umalankhula Chiyao asaope kupempha kuti afotokoze m'Chiyao.

Amayi anapatsidwa fluoxetine. Mankhwala ena opezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi amitriptyline, amene amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa, ndipo ndi oopsa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi. N'bwino asungidwe ndi wachibale, kutali ndi ana. Onsewa sagwira ntchito ngati panado. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti usinthe, ndipo ukayamba kupeza bwino umayenera kupitiriza kwa miyezi ingapo mpaka achipatala akuuze mosiyira. Ambiri amasiya sabata yoyamba poti sakuona kanthu, ena amasiya mwezi wachiwiri poti achira. Amayi anatsala pang'ono kuchita zonse ziwiri.

Mankhwala sanachotse chisoni chawo, ndipo sindikanafuna kuti achichotse. Anawabwezera tulo ndi njala. Munthu wogona ndi kudya akhoza kulira mwana wake n'kudzukabe kukapalira.

Gulu la anzako, ndi nkhani ya ndalama

Alamu sanapite kwa phungu kapena kumwa mankhwala. Chimene chinkawasowetsa tulo, kupatula amuna awo, chinali fizi ya ana ndi achibale ena amene anayamba kufunsa za injini ya boti. Nkhawa yotere siichoka ndi kucheza kokha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Tinapita kwa amfumu titadziwa zimenezi, ndipo injini inatsala m'manja mwawo; lero amaibwereketsa.

Eda itatha analowa banki m'khonde ya amayi ogulitsa nsomba, momwe munali amasiye anzawo atatu. Anatenga ngongole yaing'ono, anamanganso thandala. Amati chimene chinawathandiza si ndalama zokha, koma tsiku la msonkhano: kusamba, kuvala, kuyenda, ndi kukhala pafupi ndi mayi amene anadutsamo zaka zisanu zapitazo ndipo akusekabe. Gulu n'lotsika mtengo, lili pafupi, ndipo limakhalitsa kuposa uphungu umene umatha pakapita maulendo angapo. Koma pagulu palibe chinsinsi chodalirika, ndipo ngongole imene yakanika kubwezedwa imawonjezera manyazi pamwamba pa chisoni. Munthu amene akulephera kudzuka pamphasa asayambe ndi ngongole.

Kulima chimwemwe

Ine ndinali woyendetsa zonse: wothamangira kuchipatala ndi amayi, woperekeza msuweni, wolankhula kwa amfumu. Ndinalira pang'ono pamaliro, kenaka ndinauma. Patatha chaka ndinazindikira kuti ndasiya kwaya, ndasiya kuseka, ndipo ana anga ayamba kundiyenda mozemba. Tsiku lina paukwati ng'oma za manganje zitalira, phazi langa linayamba kugunda lokha, ndipo nthawi yomweyo ndinamva ngati ndawapereka achimwene. Ndivine bwanji iwo ali m'manda?

Namwino amene ankaona amayi ndiye anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsa: "Nanga inuyo mayi, mukugona?" Anandilongosolera chinthu chimene aphungu amachigwiritsa ntchito kwambiri pa matenda okhumudwa. Timaganiza kuti mtima ukayamba wakondwa ndiye tidzachite zosangalatsa. Kawirikawiri zimayenda mobwerera: umayamba wachita, mtima umatsatira pambuyo. Chisoni chimakuchotsa pa zinthu zimene zinkakupatsa moyo, ndipo ukachokapo chisonicho chimakula chifukwa palibenso china chodzaza tsiku. Choncho sudikira chilakolako. Umasankha kanthu kamodzi kakang'ono, umakaikira tsiku ndi ola, ndipo umakachita kaya ukufuna kaya sukufuna, monga timathirira dimba m'chilimwe.

Ndinayamba ndi kuyenda m'mawa kukafika pamlatho wa Bakili Muluzi, kuima pang'ono kuyang'ana Shire akutsikira ku Malombe, n'kubwerera. Masabata awiri oyamba sindinamve kalikonse. Kenaka ndinabwerera kukwaya Lachinayi lililonse, poyamba kungokhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Ndinabzala mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba. Madzulo ndinayamba kufunsa ana kuti aliyense anene chinthu chimodzi chabwino chimene waona tsikulo, ndipo m'menemo ndi momwe anayambira kutchulanso amalume awo: mmene ankawabweretsera utaka wowamba, mmene ankaberera pabawo. Tinaseka, tinalira, tinasekanso, usiku womwewo. Ana nawonso amafedwa, ndipo tikabisa dzina la womwalirayo amaganiza kuti kumukumbuka n'kulakwa.

Njirayi ndi yaulere, ndipo palibe amene angakuletse. Koma ndichenjeze mwamphamvu: musaigwiritse ntchito ngati chikwapu. Kuuza wofedwa wa masabata awiri kuti "tasekani, moyo ukupitirira" ndi nkhanza. Ndipo kwa munthu amene anafika pomwe anafika amayi, dimba ndi kwaya sizikanakwanira. Anayamba ayambiranso kugona, ndiye kenaka anatha kubwerera kukaluka mphasa ndi anzawo. Chimwemwe cholimidwa chimakula bwino panthaka imene njira zina zija zagawula kale.

Nanga wina atandifunsa lero

Mnzanga wina wa ku Monkey Bay anataya mwana chaka chatha, ndipo anandifunsa kuti ayambire pati. Ndinamuuza kuti masiku 40 oyamba asadzikakamize kanthu: alole anthu abwere, apemphere monga mwa chikhulupiriro chake, adye ngakhale pang'ono, ndipo asasaine kapena kugulitsa chilichonse. Akapeza munthu mmodzi amene angamuuze zoona popanda kudzudzulidwa, kaya ndi shehe, mayi wa Mvano kapena mnzake wapaubwana, amugwiritsitse. Ngati imfayo anaiona ndi maso, ngati pali chimene akudziimba nacho mlandu, kapena ngati pali nkhani imene sangaiuze wachibale, asadikire miyezi 6. Apite kwa phungu. Ngati tulo, chakudya ndi chilakolako cha moyo zachoka, chipatala chikhale patsogolo pa zonse. Ngati chimene chikumudya ndi njala ndi katundu, ayambe ndi amfumu, a zachisamaliro cha anthu ndi gulu. Za kuombeza ndi za botolo ndinamupempha ndi mtima wonse kuti azilambalale.

Kwathu palibe amene anachira ndi njira imodzi. Amayi anafuna sadaka, mankhwala ndi mphasa zawo. Anasiya mankhwala chaka chatha achipatala atavomereza, ndipo Lachisanu lililonse amatchulabe mwana wawo m'dua. Alamu akuyanika usipa, ndipo mwana wawo woyamba ali Fomu 2. Ine ndabwerera pamzere wakutsogolo kukwaya, ngakhale mwera ukayamba kuomba mu June ndimasowabe tulo masiku ena.

Msuweni wathu sanalowebe m'boti. Amasoka makoka pagombe, amalipidwa patsiku, ndipo wakhala miyezi 9 osalawa kachasu. Mkazi wake anamasula katundu uja. Mwezi wathawu anapempha kulankhula ndi amayi paokha, ndipo anawauza za malaya aja. Ndinali kukhitchini, sindinamve zonse. Ndinangomva amayi akuti, "Unamugwira, mwanangu? Ndiye kuti sanafe yekha." Sabata yamawa akuti akayesa kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndipo wandipempha kuti ndikaime pamchenga.